Makutu Amene Ndinalonjeza Odile

Chicago, 9 Seputembala 1956

Odile wanga,

Landirani moni wochokera kuno kumpoto. Ine ndili bwino, mwana wathu Clovis ali bwino, kaya inu ku Plaquemine kumeneko ndi bondo lanu lija. Ndatumiza madola khumi ndi asanu pa positi. Mugule malata awiri a pakhonde, otsalawo mukapereke ku gulu lathu la maliro, kuti tsiku langa likadzafika ndisadzapite kumanda mwakachetechete ngati munthu wopanda abale.

Ntchito ndi yomwe ija ya matanki achitsulo. Iwe umalowa m'kati kugwira msomali wamoto, mnzako akumenya nyundo kunja, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Clovis anagwira milungu itatu n'kusiya. Musapse mtima msanga. Pano akutsuka mbale pa lesitilanti ina, akuti zala za woimba siziyenera kukhala pafupi ndi nyundo.

Pangano lathu la pa siteshoni sindinaliiwale. Lipenga la malemu mlongo wanu Prosper, sakisofoni ija, munangomubwereka mwanayu mpaka Pasaka. Munati ine, amene ndakalambira pa ng'oma yaikulu m'bandi ya maliro, ndimvetsere ndi makutu anga. Ikakhala mphatso yeniyeni, mudzamuleka apite kumene lipengalo lingamutengere. Likakhala phokoso ndi moyo wa chisawawa umene unatengera Prosper kuno n'kutibwezera m'bokosi, ndimukweze sitima yobwerera kwathu iye ndi lipenga lomwe. Naye Clovis analumbira pamaso panu kuti adzamvera chigamulo changa.

Ndikumvetsera, koma mutu wanga wayamba kale kuzungulira. Mwanayu amaimbira m'kabati ya zovala. Amatsegula chitseko, n'kulowetsa kamwa la lipenga pakati pa majekete, basi wayamba. Akuti akuopa Mayi Crump, eni nyumba, amene amagogoda denga ndi tsache kuchokera pansi. Jekete langa la ku Misa lamva nyimbo zambiri kuposa mwini wakene. Ndiponso amayenda ndi kabango ka lipengalo m'kamwa ngati mwana woyamwa chala, ati kazifewa. Prosper ankateronso kodi? Ine sindikukumbuka.

Anthu a kuno amalankhula motsitsa mawu kwambiri, sindikudziwa kuti amaopa yani.

Ndine mwamuna wanu,
Alcide

Chicago, 28 Okutobala 1956

Odile wanga,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndakondwa kuti bondo laphwa ndi kuti malata akhomedwa. Ife tili moyo. Nkhuku yofiira ija musaiphe, ndiyo imaikira bwino. Kuno therere akuligulitsa ngati mankhwala, ndipo silikoma n'komwe.

Mwafunsa ngati ndamumva mwanayu akuimba pagulu. Ndapita lero lomwe, titatuluka ku Misa. Pali malo ena pa msewu wathu womwewu kumene oimba amasonkhana Lamlungu masana, aliyense wobwera ndi chida chake n'kukwera kutsogolo. Salipidwa. Ndinafunsa kawiri, salipidwa ndithu.

Zimene ndaona, Odile, sindikuzimvetsa. Kwathu nyimbo ikayamba anthu amanyamuka. Kuno angokhala pamipando, agwira zibwano ngati akumvetsera mlandu. Bandi inayamba nyimbo imene ndinaizindikira pang'ono, kenako nyimboyo inasowa, aliyense n'kumaimba zake mosinthana. Clovis atamaliza gawo lake anthu anaomba m'manja. Ine ndinaimirira kuti zatha tizipita, mayi wina kumbuyo n'kundikoka jekete.

"Khalani pansi, achikulire, Misa sinathe."

Pobwerera ndinamufunsa mwanayo. "Iwe, nyimbo ija unaitayira pati?"

"Sindinaitaye, Papa. Inali pansi nthawi yonse. Ine ndimayenda pamwamba pake."

"Pamwamba pa chiyani? Wasanduka mphaka wa padenga?"

Anaseka mpaka kutsamira mtengo wa magetsi. Akuti jazi ya masiku ano ndi imeneyo, ndipo madoda aja anachita dala kuyamba nyimbo mothamanga kuti mlendo agwe, koma iye sanagwe. Mmodzi mwa iwo, Bambo Wendell Gaither, woimba piyano amene ali ndi bandi yakeyake, anamufunsa dzina. Clovis sanagwire pansi ndi chimwemwe, ati bamboyo safunsa dzina munthu wamba. Ine ndinangoti chabwino. Kwathu apolisi amatifunsa mayina tsiku lililonse ndipo palibe amavina nazo.

Chigamulo ndilibe. Ndinakhala kumbuyo kwambiri, choncho zambiri sizinandifike bwino. Ulendo wina ndidzakhala kutsogolo.

Wanu,
Alcide

Chicago, 16 Disembala 1956

Odile wanga,

Moni. Tili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno kumaluma ngati kuli ndi mano. Ndagula chikhoti cha kaunjika madola anayi, chachikulu moti tikhoza kulowamo awiri. Ndatumiza makumi awiri a Khirisimasi. Mugule nsapato zanu kaye musanaganize za ana a eni, ndikukudziwani.

Nkhani ndi iyi. Clovis wasiya mbale. Bambo Gaither amutenga m'bandi yawo, ndipo mwanayu akulandira ndalama zoposa zanga, ine amene ndimabwera kunyumba wakuda ngati mphika. Nyuzipepala ya anthu athu kuno yamulemba. Ndadula chidutswacho, nachi m'kalatamu. Akuti ndi mnyamata wa ku Louisiana amene lipenga lake limalankhula ngati munthu wamkulu. Pachithunzipo watsinzina ngati akumva dzino, koma ndi iyeyo.

Ndimamuyang'ana m'maso ndi m'mikono monga munandiuzira. Zija za Prosper, zodzibaya mankhwala ozunguza bongo, palibe. Akudya, ndipo Lolemba salephera kufunsa mpunga wa nyemba zofiira. Komabe ndikaona anthu akumutamanda chonchi mtima umandigunda, chifukwa ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Prosper nayenso anamulemba m'nyuzipepala.

Mwandifunsanso maganizo anga pa kaimbidwe kake. Ndipatseni nthawi. Lamlungu lapitalo zinachitika zinthu zodabwitsa. Ndinakhala pazenera ndikusokerera batani, Mayi Crump n'kutulukira ndi tsache m'manja.

"Bambo Valcour, mwana wanuyu wakhala akundiboola mutu chiyambire m'mawa."

"Mayi, lero mwanayu sanaimbe."

Anandiloza ndi tsachelo. "Inu ndinu munthu wabwino, koma musaname pa tsiku la Mulungu."

Nditakankha katani yogawa chipinda ndinapeza Clovis mutu uli m'kabati, zigongono zikugwedera. Mwina ndinali m'maganizo. M'makutu mwangamu muli nkhululu ziwiri zimene zinalowa kuntchito ndipo sizikufuna kutuluka. Anzanga akuti aliyense wa m'matanki ali nazo zake. Si nkhani yoti muidandaule.

Mundiyatsire kandulo pa manda a amayi.

Wanu,
Alcide

Chicago, 10 Febuluwale 1957

Odile wanga,

Pepani kuti ndakhala chete. Thupi lili bwino, koma ndachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire, ndipo ndi bwino muwamvere kwa ine musanawamve kwa mwana wanu.

Bandi ya Bambo Gaither inali ndi chionetsero masana m'holo yaikulu, anthu ovala mataye. Ndinakhala kutsogolo monga ndinalonjezera. Inu mukudziwa mwambo wathu. M'bandi ya maliro tonse timaimba limodzi kuyambira pakhomo mpaka kumanda. Anzako akasiya dala n'kukutsala wekha, ndiye kuti walakwitsa ndipo akufuna tauni yonse imve kulakwa kwakoko.

Ndiye taganizani. Clovis ali m'kati moimba, Bambo Gaither anachotsa manja pa piyano n'kuwapinda pachifuwa. Mnzawo wa lipenga laling'ono anapita pambali kukayatsa ndudu. Posakhalitsa mwana wanga anatsala ndi woimba ng'oma yekha, thukuta lili kamukamu, mitsempha ya m'khosi yatuluka, holo yonse ikumuyang'ana. Magazi anandikwera kumutu. Atangomaliza ndinalowa kuseri osagogoda.

"Bambo Gaither, mwana wanga akalakwa muzimudzudzulira kumbali. Si chidole choti muzionetsa anthu."

Munthuyo ndi wamkulu thupi, wadazi. Anayankha kanthu akuyang'ana kumbali, ine osamva. Ndinabwereza mawu anga mokweza. Apo anatembenuka, anandiyang'ana kumaso, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono.

"Achimwene, ine ndimachotsa manja munthu akafika poti safunanso womugwira dzanja. Amene ndawachitira zimenezi moyo wanga wonse sangadzaze dzanja limodzi."

"Nanga n'kupinda manja ngati mwakwiya?"

"Ndiziwaika kuti? M'thumba mwa mnzanga?"

Anyamata onse anafa nacho chiseko. Clovis anayang'ana nsapato zake ngati akufuna kuloweramo. Chimene kwathu ndi chipongwe kuno ndi ulemu, ndipo palibe anandichenjeza. Ndikutuluka, Bambo Gaither anandigwira paphewa.

"Mumagwira ku matanki, eti? Bambo anga ankagwira komweko."

Sananene zambiri, koma mmene anandiyang'anira sizinandisangalatse.

Clovis wakhala masiku osandilankhula. Dzulo wandigulira magolovesi n'kungowasiya pabedi. Tsono ndiweruze bwanji, Odile, pamene sindikusiyanitsa kutukwana ndi kuyamika?

Mbewu za therere mudzale kumbali ya mpanda, kuja madzi sakhalitsa.

Wanu,
Alcide

Chicago, 17 Malichi 1957

Odile wanga,

Kalata yanu yaukali yafika. Mwati ndikuzemba, miyezi isanu ndi umodzi ndakuuzani za kabati, za nyuzipepala, za manja a anthu, koma sindinanenepo n'kamodzi komwe kuti mwana akuimba bwino kapena ayi. Mukunena zoona.

Ndinapita kwa dokotala. Anandiika kachitsulo konjenjemera kuseri kwa khutu, kenako analemba yankho lake papepala m'malo molinena, ndipo pamenepo ndinadziwiratu. Khutu lamanzere lapita. Lamanja latsala pang'ono, limagwira mawu a munthu amene ali pafupi akundiyang'ana, ndi zinthu zolemera ngati sitima. Mawu okwera ngati a lipenga sakufikanso. Akuti ndi matanki, ndipo sizibwerera. Kuntchito sindinanene, ndipo kumeneko palibe angazindikire, tonse timalankhulana ndi manja.

Ndiye anthu a kuno salankhula motsitsa mawu ayi. Ndine.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Clovis wajambula chimbale ndi bandi ya Bambo Gaither, ndipo nyimbo imodzi wapeka yekha. Chituluka mu Meyi. Pasaka akangopita, bandi inyamuka kupita ku New York, kenako akuti adzawoloka nyanja mpaka ku Paris. Bambo Gaither akufuna yankho. Mwanayo wawauza kuti yankho lili ndi bambo ake, chifukwa analumbira kwa mayi ake. Bandi yonse ikudikira makutu a munthu wogontha.

Ndikati apite, ndiye kuti ndangokhulupirira za anthu ena, ndipo anthu ena ndi amene ankaombera m'manja Prosper mpaka tsiku limene anamunyamula. Ndikati abwerere kumunda wa mizimbe, mwina ndakwirira chinthu chimene Mulungu anapereka kamodzi. Ndimamuona akuimba, zala zikuthamanga, masaya akufufuma, ine ndikumva nkhululu zanga zokha. Ndili ndi chisoni, Odile, ndipo ndili ndi mantha.

Mwanayu sindinamuuze. Nanunso musamulembere za ichi.

Wanu,
Alcide

Chicago, Lamlungu la Kanjedza, 14 Epulo 1957

Odile wanga,

Tili bwino. Khalani pansi muwerenge iyi bwinobwino.

Lachisanu ndinaganiza zomuuza Clovis za makutu anga. Ndinayamba mozungulira, iye n'kundidula, akundiyang'ana kumaso monga amachitira Bambo Gaither.

"Papa, ndinadziwa kale pa Khirisimasi. Ndinakuitanani katatu muli pa mpando uwo."

"Ndiye bwanji sunanene?"

"Ndimadikira kuti munene ndinu. Mwayesa ndi ndani anapempha Mayi Crump kuti azikugogoderani m'mawa, wotchi ikamalira yokha?"

Ndinamuuza kuti pangano lafa, popeza woweruza alibe makutu. Anakana. Akuti analumbira, ndipo sakwera sitima ya ku New York mozemba ngati mbala.

"Mubwere Lamlungu masana kumalo aja tinayambira. Mukaona kuti n'zachabe, ndinyamula chikwama tibwerere kwa Mama."

Ndinapita. Anandiikira mpando pambali penipeni pa ng'oma yaikulu, bondo langa likukhudza thabwa lake. M'chipindamo munadzaza, ndipo nkhope zambiri zinali za kwathu, anthu a ku Donaldsonville ndi ku New Orleans amene amagwira m'mafakitale kuno, osakanikirana ndi aja ogwira zibwano.

Woimba ng'oma anaponda kamodzi, n'kudikira. Anapondanso, n'kudikira. Ndinazimva m'bondo, zinakwera mpaka m'chifuwa. Odile, kunali kuyenda kwa maliro, kuja kwapang'onopang'ono kochokera kutchalitchi, kumene ndakuimba moyo wanga wonse. Clovis anakweza lipenga. Sindinamve kanthu. Koma ndinaona mkulu wina pafupi ndi khomo akuvula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Wina anachita chimodzimodzi. Mayi uja anandikoka jekete tsiku loyamba, amene si wa kwathu n'komwe, anali akupukuta misozi ndi chikhatho.

Kenako ng'oma inagunda kanayi mofulumira, monga timachitira tikatuluka pachipata cha manda titamusiya munthu m'manja mwa Mulungu. Bambo Gaither anachotsa manja pa piyano, anandiyang'ana, n'kuwakweza m'mwamba kuti ndione kuti sakukwiya. Zala za Clovis zinayamba kuthamanga kuja kumandisokoneza. Ndinati basi, nyimbo yatayikanso. Ndiye ndinayang'ana pansi.

Woimba ng'oma amadziwa bandi poyang'ana mapazi a anthu, chifukwa pakamwa pamatha kunama koma phazi silinama. Mapazi onse m'chipindamo ankagunda malo amodzi. Mwanayo anathamanga, anakwera, anatsika, kaya anapita kuti, koma phazi ngakhale limodzi silinasokere. Nthawi zonse akabwerera ankatera pomwe pankagunda bondo langa. Nyimbo inalidi pansi monga ananenera. Mkulu wa chipewa uja anatulutsa kampango koyera n'kukakweza m'mwamba. Posakhalitsa timipango tinali ponseponse, anthu anyamuka, akuzungulira matebulo ngati tili pa msewu wa kwathu. Ogwira zibwano aja, osowa timipango, ankakupiza nsalu zopukutira pakamwa.

Nditafunsa pambuyo pake, anati ndiyo nyimbo imene anapeka, ndipo anaitcha dzina la amalume ake. Akuti Prosper tinamuika mwakachetechete chifukwa cha manyazi a imfa yake, popanda bandi, ndipo iye ali mwana ankadabwa. Mukudziwa kuti n'zoona. Lero mlongo wanu waperekezedwa.

Chigamulo changa n'chakuti apite. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma ndikuuzeni chilungamo, ndinakulonjezani makutu ndipo ndagwiritsa ntchito maso ndi bondo. Mpaka pano sindikudziwa kuti jazi yawoyi ndi chiyani. Mukaona kuti umboni woterewu sukukwana, lipenga ndi lanu, tumizani telegalamu lisanafike Loweruka. Mwanayu wati adikira.

Wanu,
Alcide

Chicago, 19 Meyi 1957

Odile wanga,

Moni. Ndili bwino, kwayamba kufunda. Telegalamu yanu ya mawu awiri ija, yomulola kupita, Clovis anaipinda n'kuiika m'bokosi la lipenga, pansi pa timabango. Ndinamuperekeza ku siteshoni. Analankhula zambiri ali pazenera la sitima, ine ndinkangogwedeza mutu. Walemba kuchokera ku New York kuti anthu akuima pamzere panja kudikira malo, ndipo sitima ya pamadzi inyamuka mu Juni. Akuti akudya.

Mayi Crump akudandaula kuti nyumba yazizira, tsache lawo lasowa ntchito. Kabati ndimaitsegula nthawi zina, sindikudziwa chifukwa chake.

Ndatumiza madola khumi. Ine ndikhala mpaka nthawi yodula mizimbe, kenako ndibwera. Muwauze a bandi ya maliro kuti ng'oma yaikulu apatse wina, koma akalola ndiziyenda pambali pake.

M'phukusili muli chimbale, ndachikulunga ndi malaya anga akale kuti chisasweke. Anandipatsa ziwiri. Changa ndachiimika pazenera. Ndinapita nacho kwa Mayi Crump, anachiika pa galamafoni yawo, ine ndinagwira bokosilo ndi manja onse awiri. Linkanjenjemera basi.

Tsono ndili ndi pempho. Mupite nacho kwa aneba amene ali ndi galamafoni, Lamlungu mukatuluka ku Misa. Nyimbo ya Prosper ndi yoyamba ku mbali yachiwiri. Munandituma kuti ndikhale makutu anu, ndipo ndalephera. Mukhale anga. Musangolemba kuti n'zabwino. Mundiuze mmene akuyambira, pamene akukwera, pamene akupuma, ngati mawu ake ndi onenepa kapena owonda, ngati akufanana ndi Prosper kapena ali ndi akeake. Lembani zonse, ngakhale mapepala atachuluka sitampu ndidzabweza. Nthawi yowerenga ndili nayo, kuno kwakhala chete.

Ndine mwamuna wanu,
Alcide